Musanasaine, onani pepala limene dzina lanu likupitapo

Kalata ya ku banki inafika Lachinayi, ndipo msuweni wanga anaitsegula ali chiimire pakhomo, chikwama chikadali paphewa. Anaiwerenga kawiri, kenako anakhala pansi n'kuiyala pa thebulo, akuisalaza ndi chikhatho ngati kuti makwinya akachoka mawu ake asintha. Inkanena kuti ngongole ya nyumba yatha miyezi isanu osalipidwa, ndipo popeza iye anasainira, apereke zonse zotsalirazo masiku olembedwa pamenepo asanathe. M'nyumbamo sanagonemo ngakhale usiku umodzi. Makiyi ake analibe. Lendi yochokera kwa anthu okhala m'zipinda zakumbuyo sanaigwirepo m'manja. Zaka zinayi m'mbuyomo mlongo wake wamng'ono, amene iye anamulera, anabwera ndi mapepala mu envelopu n'kunena mwaulemu kuti, "Achemwali, a banki akufuna munthu wa pa ntchito yokhazikika. Mungosaina apa ngati mboni, zina zonse n'zanga." Mnyamatayo sankanama, ankakhulupiriradi zimene ankanenazo. Ntchito itamuthera manyazi anamugwira, ndipo makalata oyamba a banki anawabisa.

Mawu amodzi aja, akuti mboni, apweteka anthu ambiri. Mboni imangotsimikiza kuti inaona uje akulemba dzina lake, ikatero yathana nazo. Wosainira mnzake ngongole amalonjeza kubweza. Ndipo ambiri amene ndawamva akulira ndi nyumba zogula pamodzi sanakumane ndi akuba ayi. Anapwetekedwa ndi anthu owakonda, amene nawonso sankadziwa kulemera kwa pepala limene ananyamula.

Musandimve molakwa. Kusonkha ndalama kuti mugule kanyumba kochititsa lendi ine ndimakuvomereza ndi mtima wonse. Munthu wa malipiro a pamwezi akati adikire mpaka adzakwanitse yekha, mitengo ya nyumba imamuthawa chaka ndi chaka, ukalamba n'kumupeza akadasungabe dipoziti. Mutu umodzi susenza denga, ndipo pano mwambiwu ukunena denga lenileni. Chimene ndikukana ndi kulowa mu mgwirizano wotere ndi mawu apakamwa okha, aliyense n'kuchoka pamalopo atamva zakezake.

Pa nyumba yogula ndi ngongole n'kuichititsa lendi pamakhala mapepala atatu, ndipo lililonse limayankha funso lake. Chikalata cha umwini chimanena kuti nyumbayo ndi ya yani. Pangano la ngongole limanena kuti banki ikafuna ndalama zake igwire yani. Pangano la lendi limanena amene akukhalamo, amene akulandira ndalama, ndi amene aitane mmisiri mpope ukaphulika. Palibe chokakamiza kuti mayina a pa mapepala atatuwa afanane, ndipo mikangano yambiri imene ndaiona imaswera pampata pomwepo: wina ali pa ngongole koma pa chikalata palibe, wina ali pa chikalata koma lendi saiona, wina akukhala m'nyumbamo koma sali pa pepala lililonse. Msuweni wanga anali ndi ngongole yonse, koma panyumbapo analibe ngakhale njerwa imodzi.

Pa kusainira m'pamene pali dzenje lakuya. Anthu awiri akasaina ngongole imodzi, ambiri amaganiza kuti aliyense wasenza theka. Mapangano a mabanki kawirikawiri salembedwa choncho. Amalembedwa kuti onse pamodzi ali ndi ngongole yonse, ndiponso aliyense payekha ali ndi ngongole yonse. Banki imasankha wosavuta kumugwira, ndipo wosavuta kumugwira ndi uja malipiro ake amalowa mu akaunti mwezi uliwonse, yemweyo amene inamufunira kuti asaine. Taganizani bwino. Ntchito ya banki ndi kuyeza anthu ngati angabweze. Yamuyeza m'bale wanu n'kuona kuti payekha sakukwana. Ikapempha siginecha yanu, ndiye kuti ikukusenzetsani katundu amene iyo, ndi akatswiri ake onse, yakana kusenza.

Vutoli si ladzana. M'chaka cha 535 mfumu ya Aroma Justinian inaika lamulo lakuti wokongoza ayambe wafinya mwini ngongole asanapite kwa womuimira. Chitetezo chimenechi chinalowa m'malamulo a mayiko ambiri, koma okongoza anapeza pozembera: amaika mzere m'pangano wakuti wosainirayo akuchisiya mwa kufuna kwake. Ku South Africa, mwachitsanzo, n'zofala kuti wosainira alembedwe kuti ndi woimira wokongolayo komanso mwini ngongole mnzake nthawi imodzi, ndipo akatero banki ikhoza kuyambira kwa iye. Ku America, kuyambira 1985, bungwe la boma loteteza ogula la Federal Trade Commission limalamula kuti pa ngongole zambiri za anthu wamba wosainira apatsidwe chenjezo lolembedwa asanasaine, lomuuza kuti akhoza kulipira ngongole yonse, ndiponso kuti wokongoza akhoza kubwera kwa iye asanayese n'komwe kwa wokongolayo. Chenjezo lotere silikanafunika anthu akanakhala kuti amamvetsa kale.

Ku England nkhaniyi inafika mu 2001 ku House of Lords, limene panthawiyo linali khoti lalikulu kuposa onse kumeneko, pa mlandu wodziwika ndi dzina lakuti Etridge, umene unaphatikiza milandu 8 ya amayi amene anapereka nyumba za mabanja awo ngati chikole cha ngongole za amuna awo kapena za makampani a amunawo. Oweruza anati banki izitsimikiza kuti mayi wotere wakumana ndi loya maso ndi maso, mwamuna wake palibe, n'kufotokozeredwa zimene akusaina. Zakuti mwamuna asakhalepozo n'zimene zimandikhudza. Oweruzawo anazindikira chimene tonse timachidziwa mumtima, kuti n'kovuta kufunsa funso lolimba munthu womukonda atakhala pambali pako akukupatsira cholembera.

Wofuna kuona kumene zimathera ayang'ane ku Spain mitengo ya nyumba itagwa mu 2008. Malamulo a kumeneko amati wokongola amayankha ndi chuma chake chonse, chimene ali nacho ndi chimene adzakhale nacho, moti kubweza makiyi ku banki sikuthetsa ngongole. Makolo ambiri anali atasainira ana awo. Ana ntchito zitawathera, mabanki analanda nyumba zatsopanozo, ndipo ndalama zitaperewera anagogoda kwa nkhalamba zimene zinali zitamaliza kalekale kulipira nyumba zawo. Gulu la PAH, lomenyera anthu olandidwa nyumba, linayambira ku Barcelona mu 2009 pakati pa misozi yotereyi.

Masamu ake ndikupempha muwatsate pang'onopang'ono. Tinene kuti nyumba ndi ya 100, mwapereka 20, banki yakongoza 80 kuti ibwezedwe m'zaka 20 pa chiwongoladzanja cha 10 peresenti pachaka. Zikatha zaka zisanu mukulipira mokhulupirika mwezi ndi mwezi, mumakhala mutapereka pafupifupi 46, koma ngongole yatsika ndi 8 yokha, yatsala pafupifupi 72, chifukwa zaka zoyambirira ndalama zambiri zimathera ku chiwongoladzanja. Tsopano zinthu zivute m'chaka chachisanucho, nyumba igulitsidwe mwachangu pa okushoni, ipite pa 60. Yatsala 12, pamwamba pake zolipira maloya ndi chiwongoladzanja cha miyezi yosalipidwa ija. Nyumba yapita, mwini wake alibe ntchito, ndipo 12 ija yayang'ana kwa wosainira. Koma zinthu zikayenda bwino, nyumba n'kukwera kufika pa 150, wosainira amene sali pa chikalata amalandira zikomo basi. Pogwa amagwa nawo, pokolola sakolola nawo. Palibe amene angavomere pangano lotere kwa mlendo, koma kwa m'bale timalivomera m'mphindi zisanu.

Pali zina zimene zimabwera mwakachetechete ngakhale ngongoleyo ikulipidwa bwino. Inuyo mukadzapita kukakongola za nyumba yanu kapena za bizinesi yanu, banki imawerengera ngongole munasainira ija ngati katundu amene muli naye kale, n'kukuchepetserani. Ndiponso dzina silichoka pa ngongole chifukwa chakuti mwayambana kapena banja latha. Limachoka banki ikavomera, ndipo kawirikawiri imavomera pokhapokha wotsalayo akakwanitsa kutenga ngongole yatsopano payekha, chinthu chimene analephera poyamba paja.

N'chifukwa chake ndikuti dzina lanu likapita pa ngongole ya nyumba yogulira phindu, lipitenso pa chikalata cha umwini, gawo lanu litalembedwa m'manambala. Ndikudziwa kuti wina anena kuti mayi wosainira mwana wake safuna gawo, akungothandiza. N'zoona, ndipo mtima wotere ndimaulemekeza. Koma chinthucho achitchule dzina lake: ndi mphatso, ndipo kukula kwake kungafike pa ngongole yonse. Adzifunse ngati angathe kulipira yekha mwezi ndi mwezi osataya pogona pake. Ngati sangathe, athandize ndi zimene ali nazo m'manja, awonjezere pa dipoziti, zikatayika zitayike zomwezo. Ngati angathe, apemphe kuti pangano litchule malire a ndalama zimene akuimira, kuti banki izimutumizira iyenso sitetimenti mwezi uliwonse, ndiponso agwirizane ndi mwanayo chaka chimene adzayese kumuchotsapo. Msuweni wanga akanamva mwezi woyamba, akanatseka bowolo likadali laling'ono. Anamva mwezi wachisanu. Kulowa pa chikalata nako kuli ndi mtengo wake, pali misonkho ndi zolipira posintha mayina, ndipo amene inuyo muli nawo ngongole akhoza kudzalondola gawo lanulo. Zimenezi n'zofunsa loya musanayambe, koma sizindisinthitsa maganizo.

Kukhala pa chikalata nakonso kuli mitundu. M'mayiko otsata malamulo ochokera ku England muli njira ziwiri. Pa njira yotchedwa joint tenancy, mmodzi akamwalira gawo lake limapita kwa wotsalayo, ngakhale wilo itanena zina. Pa tenancy in common aliyense ali ndi gawo lake lodziwika, kaya 60 ndi 40, ndipo akamwalira gawolo limalowa m'chuma chake chamasiye. Kwa mwamuna ndi mkazi wake njira yoyambayo nthawi zambiri ndi imene amaifuna. Kwa mabwenzi awiri ogula kuti apeze phindu ikhoza kukhala tsoka, chifukwa ana a womwalirayo amatuluka chimanjamanja, bambo awo atakhetsa thukuta zaka khumi. Njira yachiwiriyo ndi yachilungamo kwa amasiye, komabe ili ndi minga yake: mnzanu akamwalira mumadzuka muli pa mgwirizano ndi mkazi wake wamasiye ndi ana anayi amene simunawasankhe, mwina ofuna ndalama lero lomwe. Anthu ena amathana nazo potenga inshulansi ya moyo, kuti mmodzi akatsogola wotsalayo akhale ndi zogulira gawo lake kwa amasiyewo. Chofunika n'chakuti musankhe mukudziwa, osati kungosiya kuti wolemba mapepala achonge bokosi limene lamuyandikira.

Magawo akapanda kulembedwa, amene amawalemba ndi khoti, ndipo khoti silifulumira. Pa mlandu wa Jones v Kernott, mwamuna ndi mkazi osakwatirana mwalamulo anagula nyumba ku Essex, ku England, mu 1985 m'mayina a onse awiri, osanena kuti gawo la yani ndi lotani. Mu 1993 anasiyana. Mwamunayo anachoka n'kusiya kulipira, mkaziyo anapitiriza yekha ngongole uku akulera ana. Patatha zaka zoposa khumi mwamunayo anabwera kudzafuna gawo lake. Khoti loyamba linapatsa mkaziyo 90 peresenti, lachiwiri linavomereza, khoti la apilo linatembenuza kuti agawane pakati, ndipo mu 2011 khoti lalikulu kuposa onse, Supreme Court, linabwezeretsa 90 ndi 10. Makhoti anayi anatuluka thukuta kufufuza zimene anthu awiri ankaganiza m'mitima mwawo zaka zakale, funso limene tsamba limodzi losainidwa likanaliyankha.

Palinso nkhani ya thukuta, imene anthu amaiiwala kuposa zonse. Ndikudziwa amuna awiri amene anagula nyumba pamodzi, theka ndi theka. Mmodzi ankakhala kutali, ankatumiza gawo lake tsiku lake osaphonya. Winayo ankakhala pafupi, ndiye anali wopenta alendi akatuluka, wolondalonda lendi ikachedwa, wodzuka pakati pa usiku madzi akasefukira m'bafa. Ankalemba zonse m'kope la sukulu lachikuto chofiira, msomali uliwonse, ulendo uliwonse, koma mnzakeyo sankamuonetsa, poganiza kuti akudziwa. Tsiku logawana ndalama atagulitsa, anatulutsa kopelo n'kuliika pa thebulo. Mnzakeyo analitsegula, anatembenuza masamba awiri, n'kulitseka. Anati, "Achimwene, tinagwirizana theka ndi theka." Onse awiri ankanena zoona, ndipo onse awiri anachoka akudzimva kuti aberedwa. Mankhwala ake ndi osavuta: woyang'anira nyumba azilandira kagawo kodziwika ka lendi mwezi uliwonse ngati malipiro a ntchito yake, monga mmene mukanalipirira munthu wakunja. Thukuta likalipidwa mwezi womwewo silidzasanduka mlandu pa tsiku logawana.

Tsopano potulukira, pamene ine ndimapaona kuti ndi pamtima pa nkhani yonse. Umwini wa pamodzi uliwonse umatha. Umatha ndi kugulitsa, kapena ndi imfa, kapena wina akagula gawo la mnzake. Wina adzafuna ndalama za fizi ya mwana ku yunivesite, wina adzasamuka, wina adzakwatira munthu amene mgwirizanowo sakuufuna. Malamulo a mayiko ambiri sakakamiza munthu kukhala mu umwini wa pamodzi mpaka kalekale, amamulola kupita kukhoti kukapempha kugawana. Munda umatheka kuudula pakati, koma nyumba ya zipinda zitatu siidulika ndi sowo, ndiye khoti limalamula kuti igulitsidwe, nthawi zina pa nyengo yoipa ndi pa mtengo wolira nawo. M'zigawo za kumwera kwa dziko la America mabanja ambiri a anthu akuda anataya malo a makolo awo mwa njira imeneyi. Malo osiyidwa popanda wilo ankakhala a zidzukulu zambirimbiri pamodzi. Munthu wakunja ankagula kagawo ka mdzukulu mmodzi wokhala kutali, n'kupita kukhoti kukapempha kuti malo onse agulitsidwe, n'kuwagula motchipa pa okushoni. Mu 2010 kunalembedwa lamulo lachitsanzo, Uniform Partition of Heirs Property Act, limene zigawo zambiri za dzikolo zalitenga, lopatsa abale mwayi woyamba wogula gawo la wofuna kutulukayo pa mtengo woyezedwa ndi katswiri.

Chimene aphungu anachita kuchilemba m'lamulo anthu atataya kale malo, inu mukhoza kuchilemba nokha madzulo amodzi. Wofuna kutuluka ayambe wauza anzake, awapatse miyezi yodziwika kuti apeze ndalama, ndipo mtengo uyezedwe ndi katswiri amene nonse mwamuvomera, kapena akatswiri awiri n'kutenga pakati. Miyeziyo ikatha osagula, nyumba ipite pamsika poyera, osati mobisa. Lembaninso za mwezi umene wina walephera kusonkha gawo lake la ngongole: amene wamulipirira akumukongoza, kapena gawo lake la umwini likukula? Zonse ziwiri n'zotheka, koma zisadzaganizidwe mkwiyo utayamba kale. Ena amakonda njira yakuti mmodzi atchule mtengo, winayo asankhe kugula kapena kugulitsa pa mtengo womwewo. Ndi yanzeru, chifukwa wotchulayo sangayerekeze kutsitsa kapena kukweza mopyola, koma imakomera amene ali ndi ndalama m'thumba. Wopanda ndalama amakakamizika kugulitsa ngakhale mtengo uli wotsika. Pakati pa anthu osiyana mphamvu sindingailangize.

Za lendi zili ndi msampha wake woyamba mmodzi wa eni ake akakhala m'nyumbamo. Iye amati, ndilipire bwanji lendi m'nyumba mwanga? Anzake amati, ife tinasonkha kuti tipeze phindu, osati kuti tikumangire. M'malamulo ambiri mwini gawo ali ndi ufulu wokhala m'nyumbamo, ndipo ngati simunagwirizane za lendi zimavuta kudzamulipiritsa pambuyo pake. Ine ndimati akhale mwini ngati enawo, akhalenso wa lendi ngati mlendo aliyense, ndi pangano lake lolembedwa. Ngati muli atatu ofanana magawo ndipo lendi ya pamsika ndi 9, iye aike 9 yonse mu akaunti ya nyumba, zolipira zichotsedwe, zotsala mugawane patatu, iyenso alandire lake. Zimaoneka ngati kuzungulira, koma zimachotsa kung'ung'udza. Mabanki otsata malamulo a Chisilamu ali ndi njira yotchedwa musharaka mutanaqisa imene imayenda chimodzimodzi: banki ndi wogula amakhala eni nyumba pamodzi, wogula amalipira lendi pa gawo la banki uku akugula gawolo pang'onopang'ono, ndipo gawo lake likamakula lendi imatsika. Abale amene mmodzi akufuna kudzakhala mwini yekha akhoza kutengera zomwezo.

Msampha wachiwiri ndi kuona lendi ngati phindu. Lendi ikalowa, pali ngongole ya banki, misonkho, inshulansi, miyezi imene nyumba idzakhale yopanda munthu, ndi denga limene tsiku lina lidzadontha ndithu. Ikamalowa mu akaunti ya mmodzi wa inu, imasakanikirana ndi za pakhomo pake, ndipo ngakhale munthu woona mtima amalephera kufotokoza kumene inapita. Tsegulani akaunti ya nyumba yokha, imene nonse mukuiona, ndipo musagawane kanthu mpaka mutasunga zokwanira kulipira banki miyezi ingapo popanda lendi. Dipoziti ya wa lendi isalowe n'komwe m'masamu anu, chifukwa si yanu. Ku Germany lamulo limati dipoziti isapose lendi ya miyezi itatu ndipo isungidwe padera, osaisakaniza ndi chuma cha mwini nyumba. Ngakhale kumene lamulo silinena, chilungamo chake n'chomwecho.

Ndipo tisamuiwale munthu wa lendiyo, amene sanasaine nawo mgwirizano wanu koma amavutika nawo ukasokonekera. Ndamuona mayi ataika beseni pakati pa chipinda, madzi akudontha kuchokera kudenga, akuimbira eni nyumba atatu motsatizana, aliyense akumuuza kuti afunse winayo. Mwezi utatha onse atatu anakumbukira nambala yake. Wa lendi adziwe munthu mmodzi woyankhula naye ndi akaunti imodzi yolipirako, ndipo munthu mmodziyo akhale ndi mphamvu yokonzetsa zinthu mpaka malire ena osadikira msonkhano.

Za kuchita lendi ndi cholinga chodzagula nyumbayo ndingonena mwachidule. Ku Chicago m'zaka za m'ma 1950 ndi 1960, mabanja a anthu akuda amene mabanki ankawakaniza ngongole ankagula nyumba pa pangano lakuti chikalata chikhalabe kwa wogulitsa mpaka ndalama yomaliza italipidwa. Wophonya mwezi umodzi ankatha kutulutsidwa n'kutaya zonse zimene anapereka, ndipo mu 1968 ogulawo anapanga gulu la Contract Buyers League kuti alimbane nazo. Ngati mukulowa pangano lotere, kaya ndinu wogulitsa kaya wogula, lilembe momveka gawo la ndalama za pamwezi limene ndi lendi, gawo limene likugula nyumba, ndi zimene zidzachitikire gawo lachiwirilo zinthu zikavuta pakati panjira.

Chotsutsa chachikulu pa zonsezi sichichokera ku masamu. Chimabwera ndi nkhope yokhumudwa: "Achimwene, ndiye kuti simukundikhulupirira?" Funsoli limabaya, ndipo ambiri amabweza pepala m'thumba pomwepo. Yankho langa n'lakuti pepalalo likulemberedwa anthu amene palibe pamene mwakhalapo: mkazi wamasiye amene sanamve zimene munagwirizana, ana amene adakali aang'ono, banki imene sidziwa chibale, ndi inu nomwe patatha zaka khumi, aliyense akukumbukira moona mtima zinthu zosiyana. Amati chibale ndi fupa sichiola, koma ndaona abale a bere limodzi akudutsana panjira osapatsana moni chifukwa cha nyumba imene anaigula akuseka. Nthawi yokambirana za imfa, za kulephera ndi za kutuluka ndi imene mukukondana, chifukwa pamenepo aliyense amafunira mnzake zabwino ndipo palibe akudziwa kuti adzafune kutuluka ndi ndani. Ngati mnzanu sangapirire ola limodzi la mafunso amenewa lero, zaka makumi awiri za ngongole adzazipirira bwanji? Ndipo aliyense akhale ndi mpata woonana ndi loya payekha, monga oweruza a Etridge aja ananenera. Safunsa anadya phula.

Msuweni wanga sanathawe ngongoleyo, sakanatha. Anapita ku banki ndi mlongo wakeyo, anagwirizana zobweza zotsalira zija pang'onopang'ono, ndipo gawo la malipiro ake likupita kumeneko mwezi uliwonse. Kenako anachita zimene zinkafunika zaka zinayi m'mbuyomo: anakhala pansi ndi loya, banki inavomera, dzina lake linalowa pa chikalata, ndipo analemba kuti ndalama iliyonse imene iye akupereka ikukuza gawo lake. Lendi ya zipinda zakumbuyo tsopano ikulowa mu akaunti imene onse awiri amaiona pa foni. Zomanga nyumba yakeyake waziimika kaye, sakudziwa mpaka liti. Makiyi a nyumba ija ali m'chikwama chake, ndipo mlongo wakeyo akabwera kudzamuona amakhala pampando wa pafupi ndi khomo, akuyankhula maso ali pansi.